ZA UMOYO: MATENDA A MAGANIZO AMENE MLIRI WA COVID-19 UNASIYA KU MAMBWE

Phunziro la sabata ino likunena za matenda amene satulutsa zilonda kapena kutenthetsa thupi, koma amagoneka munthu pansi monga malungo. Awa ndi matenda a maganizo. Titenga citsanzo ca zimene zinacitika m'boma la Mambwe, ku cigwa ca Luangwa, pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Ambiri a ife okhala m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Navutika tiri ndi abale kumeneko, ndipo zimene zinawagwera zingagwere nyumba iri yonse.

ZIMENE ZINACITIKA

Pa 18 Marichi 2020 boma linalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi Covid-19 muno m'Zambia. Pa 20 Marichi masukulu anatsekedwa. Pa 25 Marichi mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, analamula kuti mabawa atsekedwe, kuti pa misonkhano, pa maukwati ndi pa maliro pasapitirire anthu 50, ndiponso kuti ndeke zocokera kunja zileke kutera ku Mfuwe, ku Livingstone ndi ku Ndola, koma ku Lusaka kokha.

Maiko ena anacita kutsekeratu. Ku Bangladesh, mwacitsanzo, maofesi ndi maulendo anaima kuyambira pa 26 Marichi mpaka pa 30 Meyi 2020, ndipo osoka zobvala ambiri anakhala manja lende. Kuno kwathu boma silinatsekere anthu onse m'nyumba. Koma kwa anthu a ku Mfuwe kusiyana kunali kocepa, pakuti cakudya cao cimabwera ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa National Park.

Alendowa amabwera kwambiri m'cilimwe, kuyambira Juni mpaka Okutobala. Ndiyo miyezi imene operekeza alendo, ophika, ocapa, alonda ndi oyendetsa motoka amalandira ndalama zodyera caka conse. Alimi a matimati ndi ndiwo zamasamba, osema ziboliboli ndi osoka nsalu naonso amadyera pomwepo. M'cilimwe ca 2020 alendo akunja anali osowa, ndipo anchito ambiri anauzidwa kukadikira kunyumba. Mu Juni ndi Julayi 2021 mliri unabweranso mwamphamvu, pa nthawi yomwe anthu anali kuyembekezera kuti zinthu ziyambe kuongoka.

MLIRI UMADWALITSA BWANJI MAGANIZO?

Zinthu zitatu zinakumana pamodzi. Coyamba, kutha kwa ndalama. Bambo amene malipiro ake anali kudyetsa nyumba yake, makolo ake ndi ana a mlongo wake anapezeka kuti alibe ngakhale ya sopo. Caciwiri, kupatukana. Mwambo wathu ndi wakuti tikaferedwa timagona pa maliro, tikabvutika timapita kwa abale kapena ku mpingo. Zonsezi zinacepa, ndipo ambiri analira okha. Cacitatu, mantha osadziwa kuti zidzatha liti.

Munthu akakumana ndi njobvu pa njira, mtima umagunda, thupi limanjenjemera, tulo timathawa. Njobvu ikapita, thupi limabwerera m'malo mwake. Koma nkhawa ya njala ndi nkhongole iri ngati njobvu imene yakhazikika pakhomo. Thupi limakhala lodzidzimuka usana ndi usiku mpaka litatopa, ndipo apo ndi pamene matenda amayambira.

Mu Marichi 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'caka coyamba ca mliri matenda a nkhawa ndi a kupsinjika maganizo anaculuka ndi 25 peresenti pa dziko lonse. Kunena kwina, pamene panali odwala anai panaonjezeka wacisanu.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Cisoni ca masiku ocepa si matenda. Koma cenjerani ngati zizindikiro izi zakhala pa munthu pafupifupi tsiku liri lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo:

1. Kukhala wacisoni, kulira kapena kukwiya msanga popanda cifukwa cooneka.
2. Kusakondwanso ndi zimene anali kukonda, monga kumunda, mpira, kwaya kapena kuceza.
3. Kusowa tulo, kudzuka pakati pa usiku, kapena kugona kopitirira.
4. Kukana cakudya ndi kuonda.
5. Kufooka, kuiwalaiwala, mutu ndi msana kuwawa, mtima kugunda.
6. Kudziona wacabecabe, ndi kunena kuti kuli bwino kungofa.

Abambo kawirikawiri sanena kuti ali ndi cisoni. Iwo amathawira ku kacasu kapena kuyamba ndeu panyumba. Amai amadandaula za mutu ndi mtima. Ana amayambanso kukodza pogona, kukana sukulu kapena kungokhala duu.

SI ULESI, SI UFITI

Anthu ambiri amabisa wodwala poopa kuti anzao adzati banja lakuti muli misala. Ena amathera mbuzi ndi nkhuku kufunafuna amene wamulodza. Dziwani kuti kupsinjika maganizo ndi matenda monga BP kapena shuga, ndipo amacizika. Kuuza wodwala kuti alimbe mtima ngati mwamuna kuli ngati kuuza wothyoka mwendo kuti athamange.

Dziwaninso kuti matenda ena a thupi amasokoneza mutu. Malungo aakulu amatero. Ku cigwa ca Luangwa kulinso kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi nchenche za kashembe, amene amasintha tulo ndi makhalidwe a munthu. Ncifukwa cake wodwala ayenera kukapimidwa, makamaka ngati thupi likutentha kapena wayamba kubwebweta mwadzidzidzi.

ZIMENE BANJA LINGACITE

1. Khalani naye pansi, mumufunse kuti, "Cikukusautsani nciani?" Kenaka mverani. Musathamangire kumudzudzula kapena kumulalikira.
2. Tengani mabvuto ake limodzilimodzi. Lero kambiranani za unga, mawa za nkhongole. Pewani kaloba, pakuti amaonjezera moto.
3. Asamadye yekha ndipo asamatandale m'nyumba tsiku lonse. Mpatseni kanchito kopepuka monga kuthirira dimba.
4. Muthandizeni kucepetsa mowa. Mowa umagoneka nkhawa usiku umodzi, m'mawa imadzuka yakula.
5. Akachula za kudzipha, musaseke ndipo musaope kumufunsa mwacindunji. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Asakhale yekha. Bisani mankhwala opopera thonje, a makoswe ndi mapilisi onse, ndipo pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo.
6. Inu a m'tauni amene muli ndi abale kumudzi, tumani lamya ngakhale mulibe coti mutumize. Ambiri amaleka kuimba cifukwa ca manyazi akasowa ndalama, osadziwa kuti mau ao ndi mankhwala.

Musaganize kuti kuceza kotere nkopanda mphamvu. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dotolo Dixon Chibanda anayambitsa nchito yochedwa Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa kiliniki ndi kumvera obvutika maganizo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala ambiri amene anaceza ndi agogowa anapeza bwino. Akulu athu anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

KOPEZA THANDIZO

Yambirani pa kiliniki imene iri pafupi nanu. Ku Mambwe kuli kiliniki ya Kakumbi ku Mfuwe ndi cipatala ca mishoni ca Kamoto. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, ndipo cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko lino ndi Chainama Hills ku Lusaka. Muuzeni namwino zonse, osati za mutu wowawa zokha. Ena amacira ndi uphungu wokha, ena amapatsidwa mankhwala. Mankhwalawa amayamba kugwira nchito pakapita masabata angapo, cotero musawaleke panjira popanda kufunsa adotolo.

Mungathenso kuimba kwaulere pa nambala 933 kwa akuluakulu, kapena 116 kwa ana. Lamulo la Mental Health Act la 2019 limateteza ufulu ndi ulemu wa odwala maganizo. Kumanga wodwala ndi zingwe, kumutsekera m'nyumba kapena kumumenya si cithandizo, ndi nkhanza.

MAU OTSIRIZA

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Alendo anabwerera ku Mfuwe ndipo ndeke zikutera. Koma alipo amene anataya mkazi, mwamuna, nchito kapena mpamba wa geni, ndipo mumtima mwao zitseko zikali zotseka. Matendawa sayembekezera mliri wokha. Cilala monga ca 2024, kucotsedwa nchito kapena maliro zingawadzutse pa nyumba iri yonse.

Sabata ino ganizirani mbale kapena mnansi mmodzi amene wangoti zii, saonekanso ku mpingo kapena ku cilimba. Pitani mukamuone. Ngati muona zizindikiro zimene tachula pamwambapa, muperekezeni ku kiliniki.