N'chifukwa Chiyani Zamoyo Zimakalamba?

M'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi ku Balaka muli milambe imene agogo athu anaipeza ili yaikulu kale. Mlambe umatha kupitirira zaka 1,000. Koma tikawoloka Shire kulowa m'boma la Machinga, m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa muli kansomba kotchedwa Nothobranchius kirki, kamene sikafika n'chaka chomwe. Kamaswa mvula ikagwa, kamaikira mazira m'matope, n'kufa chithaphwi chikauma. Mbale wake wa ku Zimbabwe ndi Mozambique, Nothobranchius furzeri, ngakhale asayansi amusunge m'madzi osauma, amakalamba n'kufa patangopita miyezi yochepa. Kusiyana kumeneku kukuchokera pati?

Tiyambire m'thupi. Maselo athu akamasandutsa chakudya kukhala mphamvu pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni, pamatuluka tizinthu timene timawononga DNA ndi mapuloteni. Thupi limakonza, koma silikonza zonse. Komanso kumapeto kwa DNA kuli mbali yotchedwa telomere, imene ili ngati mfundo yoletsa chingwe kumasuka. Mbaliyi imafupika nthawi iliyonse selo likagawikana. Mu 1961, Leonard Hayflick anapeza kuti maselo a munthu amagawikana pafupifupi ka 50, kenako n'kusiya.

Nanga thupi limalekeranji kukonza zonse? Apa asayansi amayankha ndi chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo. Ife timakhulupirira Mlengi, komabe monga aphunzitsi a mawa tiyenera kumvetsa yankho lawo, chifukwa ophunzira adzatifunsa. Mu 1952, Peter Medawar anafotokoza kuti chilema chobadwa nacho chimene chimaonekera munthu atabereka kale chimapitirira kwa ana popanda chochiletsa. Mu 1977, Thomas Kirkwood anawonjezera kuti mphamvu za thupi n'zochepa, ngati ndalama za pakhomo: tikagula mbewu, denga limadikira. Kansomba kaja chithaphwi chake chimauma msanga, choncho mphamvu zake zimathera pa kukula ndi kuikira mazira. Mlambe suthamangitsidwa chotero, ndipo nsonga zake zimapitiriza kupanga maselo atsopano chaka ndi chaka.

Ukalamba sitingauthawe, koma tingachepetse zowononga thupi, monga utsi wa fodya. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2001 anapeza kuti amuna a Adventist ku California ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 7 kuposa amuna ena a kumeneko. Zimene tikudya ndi kumwa pa zaka 20 zino, thupi lidzatikumbutsa pa zaka 60.