"Il Faut": Mawu a Chifalansa Olangizira pa Nthawi ya Chakudya

Chiyambire m'chaka cha 1994, pamene malo a Dzaleka m'boma la Dowa anasandutsidwa msasa wa anthu othawa kwawo, m'zipatala za m'derali mwakhala mukumveka zinenero zachilendo. Ambiri mwa alendowa anachokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, kumene anthu ochuluka amene anapitako kusukulu amadziwa Chifalansa. Motero mayi wodikira pa sikelo atha kukhala pa benchi limodzi ndi mnzake wosamva Chichewa, ana awo nkumagawana mbatata ndi manja amene angochoka kumene m'dothi. Pa nthawi yotere mawu awiri okha atha kuthandiza: il faut.

Mawuwa amatchulidwa kuti "il fo". Malembo a ndi u akatsatana amamveka ngati o, ndipo t wakumapetoyo samveka konse. Tanthauzo lake ndi lakuti "nkofunika" kapena "pafunika". Monga m'Chichewa munthu amanena kuti "nkofunika kudya", m'Chifalansanso il faut amatsatidwa ndi mneni wosasinthidwa. Kusiyana kwake nkwakuti Chichewa chimaika "ku" kutsogolo kwa mneni, pamene Chifalansa chimamzindikiritsa kumapeto: manger ndi kudya, boire ndi kumwa, couvrir ndi kuvindikira.

Chiganizo choyenera kuloweza poyamba ndi ichi: Il faut se laver les mains avant de manger. Ndiko kunena kuti nkofunika kusamba m'manja munthu asanadye. Pochitchula chimamveka chonchi: "il fo se lave le me avan de manje", koma liwu lakuti mains litulukire pang'ono m'mphuno. Wofuna kuonjezera sopo anene kuti avec du savon.

Ubwino wa mawuwa uli pa ulemu wake. Chifalansa chili ndi njira ina yolangizira, tu dois, imene itanthauza kuti "iwe uyenera". Njira imeneyi iloza chala, ndipo munthu wamkulu akauzidwa chotero ndi mlendo atha kukhumudwa, malangizo nkupita pachabe. Koma il wa mu il faut saimira munthu aliyense; ndi yemwe uja amapezeka m'mawu akuti il pleut, kunena kuti kukugwa mvula. Wolangiza ndi wolangizidwa onse amalowa m'lamulo limodzi, ndipo palibe amene wachititsidwa manyazi pamaso pa ana ake.

Nkhaniyi si yongokometsa chinenero ayi. Matenda a kolera amene anabuka m'Malawi mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700. Tizilombo take timachoka m'chimbudzi cha wodwala nkulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja osasamba. Tsono chiganizo chija chingonena zakuti munthu asambe, sichifotokoza kasambidwe kake. Apa manja ayenera kuphunzitsa zimene pakamwa palephera: wina azithira madzi ndi kapu, mnzake akusamba. Mwambo woyendetsa beseni limodzi kuyambira kwa bambo mpaka kwa mwana wamng'ono umapatsa mwanayo, amene ali wofooka koposa onse, madzi a litsiro la banja lonse.

Poletsa chinthu, mneni faut amaikidwa pakati pa ne ndi pas: il ne faut pas, kutchula kwake "il ne fo pa". Makolo olankhula Chifalansa amakonda kuuza ana kuti Il ne faut pas parler la bouche pleine, kutanthauza kuti si bwino kulankhula chakudya chili m'kamwa. Agogo a kumudzi sangadabwe nalo langizo limeneli.

Latsala ndi la ntchentche: Il faut couvrir la nourriture, nkofunika kuvindikira chakudya. Liwu lomalizalo ndi lovuta pa lilime, koma wolephera kulitchula atha kungonena kuti "il fo kuvrir", uku akuloza mphika.