PHUNZIRO LA PA NYUMBA: MSUZI WA MPHODZA M'NYENGO YA CISANU

Miyezi ya June ndi July ndiyo miyezi ya cisanu m'dziko lathu. Mwera uomba usiku wonse. Ku mapiri a Dedza mame a m'mawa aluma mapazi, ndipo ku Mulanje ndi ku Thyolo kugwa ciperoni, mvula yowaza ija imene inatenga dzina lace ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Masiku otere ana ambiri agona atadya nsima ndi mfutso wokha, nauka ali kutsokomola. Cifukwa cace tiyeni tiphunzire pamodzi za cakudya cimodzi cosafuna ndalama zambiri, ndico msuzi wa mphodza.

1. Mphodza ndi ciani?

Tonse tidziwa nkhani ya pa Genesis 25, kuti Esau anabwera kuthengo wolefuka, nagulitsa ukulu wace kwa Yakobo cifukwa ca mphodza zofiira. Mbeu ya ku Kanani ija ndi yaing'ono ndi yaphwatalala. Anthu a maiko aja anailima kuyambira zaka zikwi zapitazo, ndipo lero ilimidwa kwambiri ku India ndi ku Canada. Mphodza za m'minda yathu nzobiriwira ndi zobulungira, ndizo mtundu wina. Koma zonsezi ziri pa cibale ndi nandolo, khobwe ndi nyemba, ndipo nchito yace m'thupi ndi imodzi. Amene alibe mphodza atsate phunziro ili ndi nandolo kapena khobwe.

2. Zithandiza bwanji?

Nsima ikhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma comanga thupi mulibe cambiri m'menemo. Pa magawo 10 a cimanga, comanga thupi ndi gawo ngati 1. Koma pa magawo 4 a mphodza zouma, gawo ngati 1 ndi comanga thupi. Ndiponso cimene cisowa m'cimanga cipezeka m'mphodza, ndi cimene cicepa m'mphodza cipezeka m'cimanga. Motero ziwirizi zikakomana m'mbale imodzi, zikwanirana. M'caka ca 1933 Dr. Cicely Williams, pogwira nchito ku Gold Coast, dziko lichedwa Ghana tsopano, analongosola nthenda ya ana oleredwa ndi phala la cimanga lokha: miyendo itupa, tsitsi lifiira, ndipo mwana akhala wosakondwa. Nthendayi tiiona ndithu m'midzi yathu.

3. Kaphikidwe kace

Pa banja la anthu 6 titenge makapu 2 a mphodza. Tizipete pa licero, ticotse timiyala, ndi kuzibviika m'madzi madzulo kufikira m'mawa. Pakuti mphodza zobviika zipsa msanga, ndipo nkhuni sizitha. M'mawa titaye madziwo, tifikise mphodza m'manja kuti makoko acoke, monga ticita pokonza cipere. Tsono tiziike pamoto ndi makapu 8 a madzi atsopano. Zikawira tiyengule thobvu, ticepetse moto, ndi kubvundikira kufikira zitafewa kotero kuti ziphwanyika ndi cala.

Pamenepo tithire anyezi 1, matimati 3 ndi mcere. Tisafulumire ndi matimati, popeza kuwawasa kwace kuumitsa mbeu zosapsa. Tisungunule dzanja limodzi la nsinjiro m'madzi pang'ono, tithiremo, ndi kutakasa ndi mthiko kuti zisapserere. Ngati pali dzungu kapena mbatata, tidulemo tizidutswa. Msuzi ukhale wothina pang'ono. Wa madzi okhaokha udzaza mimba ya mwana osamdyetsa.

4. Macenjezo atatu

Loyamba: tisathire cidulo kapena soda kuti zipse msanga, cifukwa zimenezi ziononga ubwino wina wa m'mphodza umene thupi liufuna. Laciwiri: msuzi wotsala tisaupatse ana uli wozizira, koma tiuwiritsenso, ndipo ukayamba pfungo lowawasa, tiutaye. Lacitatu: msuzi ufunditsa thupi ndi kulilimbitsa, koma suli mankhwala. Mwana akapuma mofulumira, ndi cifuwa cace cikalowa m'kati popuma, cimeneco cingakhale cibayo. Tipite naye kucipatala tsiku lomwelo.

5. Mau otsiriza

Pali cinthu cimodzi cotimvetsa cisoni. Pa nthawi yokolola ogula afika pamudzi ndi sikelo zao, ndipo ambiri a ife tigulitsa mphodza ndi nandolo zonse pa mtengo wocepa, osatsala ndi mtsuko umodzi. Ndalamazo zitha masabata owerengeka, koma cisanu cikhalapobe. Timdabwa Esau kuti anataya cinthu cacikulu cifukwa ca njala ya tsiku limodzi. Nanga ife, pogulitsa ndiwo za ana athu, tisiyana naye pati? Atate ndi amai apangane asanagulitse, napatule gawo la pa nyumba, nalisunge louma bwino m'mtsuko wotseka, losanganiza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Ndipo pogawa, ana ang'ono ndi nkhalamba ayambe ndiwo kulandira.

Mafunso a phunziro: (1) Cifukwa ninji nsima yokha sikwanira mwana? (2) Tibviikiranji mphodza? (3) Zizindikiro ziti zitiuza kuti mwana afunika kucipatala? (4) Caka cino tasunga zingati pa nyumba pathu?