Mphatso za Makampani kwa Anthu a m'Malire: Phunziro la ku Dollo Ado

Kwathu ndi ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu ndiwo malire. Mukangowoloka msewu ndiye kuti mwalowa m'dziko la Mozambique. Agogo anga amandisimbira za nthawi ya nkhondo ya m'dzikolo, imene inatha mu 1992. Akuti malole ankabwera ndi ufa kudzagawira othawa nkhondo okhaokha amene anali ndi makadi, pamene eni mudzi amene anawapatsa malo ndi nkhuni ankangoyang'ana. Zimenezi zinadzetsa kaduka pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi.

Nkhani ya agogoyi ndiyo inandichititsa chidwi pamene ndinawerenga za dera la Dollo Ado, limene lili m'dziko la Ethiopia, m'malire ndi Somalia. M'chaka cha 2011 chilala ndi nkhondo zinathamangitsa anthu ambiri ku Somalia, ndipo anakakhala m'misasa isanu m'derali. Eni dera nawonso amalankhula Chisomali, ndipo anali osauka ngati alendowo.

Tsono IKEA ndi kampani yogulitsa mipando, matebulo ndi mabedi, imene inayambira ku Sweden mu 1943. Bungwe lake lachifundo, IKEA Foundation, linagwirizana ndi UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo. Kuyambira mu 2012, kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, bungweli linathirako ndalama zokwana pafupifupi madola 100 miliyoni. Ntchito imodzi yaikulu inali kukumba ngalande zotengera madzi a mumtsinje wa Genale kuthirira minda ya mahekitala 1,000. Mindayo anaigawa pakatimpakati: theka kwa othawa kwawo, theka kwa eni dera, onse m'magulu amodzi a alimi.

Apa ndikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba, m'malire mphatso yosankha mbali imasanduka mbewu ya chidani. Mwini mudzi amene wagawana chitsime ndi mlendo ayenera kuwerengedwa nawo. Chachiwiri, thumba la ufa limatha mwezi usanathe, koma ngalande imadyetsa banja chaka ndi chaka.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford atafufuza ntchitoyi, lipoti lawo la mu 2020 linaonetsa kuti magulu ena anali kudalirabe thandizo lochokera kunja kuti apitirire. Tisaiwalenso kuti kampani ikapereka, dzina lake limatchuka ndipo malonda amayenda. Ine sindiona cholakwa pamenepo, bola wolandira asasanduke chithunzi chotsatsira malonda chabe. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma wopatsa ayenera kuyamba wafunsa eni ake chimene akusowa.

Abale anga anzanga a m'seminale, ena a ife mawa lino tidzatumikira m'maparishi a m'malire monga ku Mchinji, Mwanza kapena Nsanje. Tsiku lina bwana wa kampani adzagogoda pakhomo atanyamula cheke. Tisadzangothokoza basi. Tidzafunse mwaulemu mafunso atatu: Kodi thandizoli lifika kwa onse, alendo ndi eni mudzi omwe? Kodi anthuwo afunsidwa? Nanga inu mukadzachoka, chidzatsale m'manja mwawo n'chiyani?

Makolo ndi ansembe amene munaona nthawi ya othawa nkhondo ija, tisimbireni zimene munaona kuti ife ana tisadzabwereze zolakwa zomwezo.