Magazi akachepa m'thupi, chifu ndicho chimayamba kuvutika

Munthu wataya magazi, nanga chifu chikulowapo bwanji?

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Ena akatayika pa ngozi ya pamsewu, pobereka kapena pa opaleshoni, thupi limachita ngati banja pa chaka cha njala: ana adye kaye, akulu adikire. Ubongo ndi mtima zimalandira gawo lawo, koma mitsempha yopita ku chifu ndi matumbo imafinyika. Nembanemba ya mkati mwa chifu imamanidwa magazi msanga, ndipo wodwala akathiridwa ena, imachedwanso kuwalandira. Ikamanidwa nthawi yaitali imatuluka zilonda, mwinanso kukha magazi.

Kuyeza BP sikokwanira?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pandidetsa nkhawa. Mu 1997, Hamilton-Davies ndi anzake a ku London adafalitsa zomwe adapeza atachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi a anthu athanzi odzipereka. BP ndi kugunda kwa mtima sizidasonyeze vuto lenileni. Chipangizo choyezera chomwe adachilowetsa m'chifu ndicho chidaulula kuti magazi achepa. Wachinyamata wamphamvu atha kumalankhula bwinobwino, BP ili m'malo mwake, chikhalirecho m'mimba zinthu zaipa kale.

Amayeza bwanji?

Njira yodziwika ndi gastric tonometry, yomwe dokotala wa opaleshoni Richard Fiddian-Green adailimbikitsa m'zaka za m'ma 1980. Kachubu kamalowera m'mphuno mpaka m'chifu, ndipo kunsonga kwake kuli kabaluni kopyapyala ka silikoni. Namwino amathiramo madzi amchere pang'ono ndi jakisoni, n'kudikira theka la ola kapena kupitirira. Mpweya woipa, uja timapumira kunja, umadutsa khungu la kabaluniko n'kulowa m'madzimo. Akawakoka, amayeza mpweyawo n'kuufananitsa ndi wa m'magazi a mumtsempha wa pamkono. Magazi akamayenda mofooka satha kuchotsa mpweya woipa pa nembanemba ija, choncho umaunjikana, ndipo kusiyanako kumakula. Makina a Tonocap, omwe adabwera pambuyo pake, amagwiritsa ntchito mpweya m'malo mwa madzi.

Ofufuza ena amayeza ndi kuwala kwa leza kudzera pa chubu choonera m'mimba.

Chingasokoneze zotsatira n'chiyani?

Chakudya, komanso asidi wa m'chifu momwemo, amene amapanga mpweya woipa wina akakumana ndi madzi ochokera m'matumbo. N'chifukwa chake wodwala ankayamba wapatsidwa mankhwala ochepetsa asidi.

Kodi gastric tonometry idapulumutsa anthu?

Kafukufuku wa Gutierrez ndi anzake, wofalitsidwa mu The Lancet mu 1992, adapatsa chiyembekezo, koma akafukufuku otsatira sadapeze phindu lomwelo, ndipo lero zipatala zochepa chabe ndizo zimaigwiritsa ntchito. Komabe chomwe idaphunzitsa n'chothandiza ngakhale pachipatala chaching'ono: mayi wataya magazi pobereka asangoyezedwa BP yokha. Mugwireni manja ndi mapazi muone ngati azizira, mvetserani mmene akupumira, ndipo yezani mkodzo wake ola lililonse, poti impso nazo zimamanidwa magazi BP isanatsike.