Sichinali chitopa

Mwezi wa Okutobala ukafika, ntchito za kuseri kwa nyumba zimachuluka kuposa manja. Chitosi cha m'khola chimafunika kupala kuti chiwolerane mvula isanagwe, mabedi a ndiwo amafuna madzi m'mawa ndi madzulo, mpanda waudzu wapendekeka, ndipo makoswe, poti kutchire kwapsa, asamukira kufupi ndi anthu. Bambo wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma ntchito, anaganiza zothana nazo zonsezi Loweruka limodzi. Malo ake anali ochepa koma odzaza: mabedi a repu, mpiru ndi matimati, nkhuku zachikuda 12, mng'oma umodzi wa njuchi pansi pa mtengo wa mango, galu ndi mphaka.

Lachisanu anapita kutauni. Kusitolo ya zaulimi anagula kabotolo ka cypermethrin kophera nsabwe za m'masamba, ndipo potuluka mumsika anagulanso timapepala tiwiri ta tameki kwa mnyamata wina woyala malonda ake pansi.

Loweruka dzuwa litangokwera anayamba kupopera. Mpiru, monga umachitira kukatentha, unali utamasula maluwa achikasu, ndipo njuchi zinali ng'waa pamalopo. Iye anapopera bedi lonse, maluwa ndi masamba omwe. Atamaliza anakatsuka sipuleya pampopi, pomwe madzi otayika amapanga kachithaphwi. Kenako analowa m'khola, napeza mauna a makoswe ndi zikamba za mazira. Mtima unamupweteka. Anasakaniza tameki uja ndi madeya, naika kuseri kwa khola, navundikira ndi kachidutswa ka lata.

Mkazi wake anafunsa ali pakhonde: "Bambo, nanga nkhukuzi mukazitsekulira sizikafikako?"

"Mayi, musade nkhawa, ndaphimba bwinobwino."

Koma nkhuku imadya ndi mapazi. Imapalasa paliponse pamene dothi lakumbidwa chatsopano, ndipo lata wongosanjika sangaimitse tambala wanjala. Pofika masana nkhuku zitatu zinali zitagwa chammbali, zikuphupha, dovu likutuluka kukamwa. Mnansi wawo anasuzumira pampanda n'kugamula mlandu nthawi yomweyo.

"Achimwene, chitopa ichi, nyengo yake ndi inoyi. Zingani msanga musanaluze ndiwo."

Palibe anatsutsa, chifukwa zoonadi chitopa chimasesa makola nyengo yotentha mvula isanayambe, ndipo ambirife tinakula tikuona kuti nkhuku ikayamba kuwodzera mpeni umafulumira. Madzi anatereka pamoto. Mnyamata wapakhomopo anazinga imodzi, naisosola, naitumbula, ndipo matumbo ndi chithokomiro anaponyera galu monga mwa masiku onse. Anyezi asanathe kudulidwa, galu uja anayamba kunjenjemera miyendo. Dovu linayenderera, anasanza, anadzionongera pomwepo, nagwa pansi akupalapata. Mayi aja ndi amene anakuwa kuti mphika uphulidwe, wina aliyense asalawe ngakhale msuzi. Galuyo anafa dzuwa lisanapendeke, ndipo imfa yake ndi imene inapulumutsa banja la anthu asanu, kuphatikizapo kamdzukulu ka zaka zinayi.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti bamboyu sanali waulesi kapena wosasamala ziweto. Anali munthu wakhama, wodzuka mbandakucha. Analingalira za makoswe paokha, za nsabwe pazokha, n'kuiwala kuti pa malo a mapazi owerengeka chilichonse chamoyo chimadya ndi kumwa pamodzimodzi.

Chitopa ndi poizoni sizipha mofanana, ndipo woweta nkhuku aliyense ayenera kudziwa kusiyana kwake. Chitopa chimalowa m'khola n'kumayenda masiku angapo. Nkhuku imazyolika, mapiko amagwa mpaka anthu amati yavala jekete, imatsegula m'mimba zobiriwira, imapuma movutikira, ina khosi limapotokera kumbuyo. Lero ziwiri, mawa zinayi. Nkhuku zimene m'mawa zimathamangitsana zili gwa, n'kugwa zingapo mu ola limodzi, dovu lili chuchuchu, thupi likugwedezeka, zimenezo zadya chinthu. Ndipo chitopa chili ndi katemera wake, I-2, wongodontheza dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, amene alangizi a ziweto amamudziwa bwino. Khola lotemeredwa likayamba kugwa mwadzidzidzi, mwini wake amakhala ndi chifukwa chokayikira msanga.

Tameki amene timamutcha mankhwala a makoswe sanapangidwire makoswe n'komwe. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo Temik linali dzina lamalonda chabe. Anapangidwa kuti aziikidwa m'nthaka kupha tizilombo toononga mizu ya mbewu monga thonje ndi mbatatesi, ndipo bungwe la World Health Organization linamuika m'gulu Ia, gulu la mankhwala oopsa kuposa onse. Ku South Africa amamutcha two-step, ndipo akuba amaphera agalu olondera. Timibulu take takuda, tating'ono kuposa mawere, tikalowa m'thupi timasokoneza mitsempha mpaka minofu yopumira imalephera kugwira ntchito. Sasankha khoswe, nkhuku, mphaka kapena mwana. Malawi ali ndi lamulo la Pesticides Act la 2000 komanso Pesticides Control Board yomwe ili ku Bvumbwe, ndipo lamulo limafuna kuti mankhwala otere akhale olembetsedwa, ogulitsa akhale ndi chilolezo, paketi ikhale ndi malangizo. Kapepala komanga ndi ulusi kogulidwa pafupi ndi depoti kalibe chilichonse mwa zimenezi. Makoswe a m'khola amagonja ndi msampha, kutseka mauna ndi simenti, kutolera mazira tsiku lililonse ndi kusasiya madeya pambalambanda usiku. N'zochedwa, inde, koma sizitengera munthu kumanda.

Za njuchi anazizindikira m'mawa wa Lamulungu. Pansi pa khomo la mng'oma panali mulu wa njuchi zakufa, malilime ali panja, zina zikuzungulira padothi zosatha kuuluka. Kumpopi kunalinso zina zitayandama. Anthu ambiri sadziwa kuti nyengo yotentha njuchi zimatunga madzi kwambiri. Zimawamwaza pa zisa n'kumakupiza ndi mapiko kuti ana asapse, chifukwa m'chipinda cha anawo kutentha kumafunika kukhala pafupifupi madigiri 35. Zikazolowera chithaphwi chimodzi zimabwerera pomwepo tsiku ndi tsiku, ndiye madzi otsukira sipuleya anathiridwa pachitsime chawo chenicheni. Mungu ukasowa zimakatolanso fumbi la madeya m'zodyera za nkhuku, monga zimachitira pa mphale woyanikidwa pamphasa.

Cypermethrin ndi wakupha njuchi ndi nsomba, ndipo mphaka naye salimba ku mankhwala a mtundu umenewu. Bamboyu akanayamba wazula mpiru wamaluwawo, n'kupopera chakumadzulo njuchi zitalowa, nkhuku zitatsekeredwa, mphepo itadekha, zambiri zikanapulumuka. Madzi otsukira akanawathira m'dzenje kutali ndi mpopi n'kukwirira. Pabotolo pamakhala lamba wa mtundu wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira wosonyeza kuopsa kwake, ndiponso pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo. Zolembazo ndi zazing'ono zedi, koma ndi bwino kutuma mwana wasukulu akuwerengereni kusiyana ndi kuyeza ndi maso. Njuchi zimene zinafazo zinali zotuluka kunja, zomwe zimadyetsa mng'oma wonse, motero chaka chimenecho banjali silinafule uchi.

Ntchito yotsala inali yowawa. Anakumba dzenje lakuya, naponyamo galu, nkhuku zonse zimene zinafa, ndiwo zija ndi dothi lonse la kuseri kwa khola, nakwirira n'kusanjikapo miyala kuti agalu a eni asafukule. Mphaka anamutsekera m'nyumba sabata yathunthu, ndipo m'mawa uliwonse ankazungulira mpanda kutola makoswe akufa mphaka kapena khwangwala asanawapeze. Kapepala kachiwiri ka tameki anakapeza pawindo la kukhitchini, pomwe kamdzukulu kaja kamafikira kakakwera pampando.

Zikachitika kuti munthu wadya nyama yotere kapena mwana wanyambita timibulu timeneti, zizindikiro zimabwera msanga: thukuta, dovu, kusanza, kutsegula m'mimba, mboni za m'maso kuchepa kwambiri, kupuma mobanika. Musataye nthawi ndi mkaka, mazira aawisi kapena kumutokosa kukhosi kuti asanze. Mugonekeni chammbali, muvuleni zovala zimene zakhudza mankhwalawo, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutanyamula kapepalako kapena botolo, kuti adokotala adziwe msanga chimene akulimbana nacho n'kumubaya atropine nthawi ikadalipo.