Injini ya boti ikakana kulira, tisake moto mwadongosolo

Asodzi a ku Nkhotakota, Senga Bay ndi Monkey Bay amadziwa kuti injini ikazima pakati pa nyanja mwera ukuyamba, chomwe chili pangozi ndi moyo wa anthu, osati usipa wokha. Ena mwa ife fizi yathu imachokera m'boti, ndipo injini yatsopano ndi yodula. M'phunziro lino tiona mmene tingapezere tokha vuto la moto pa injini yakale. Lamulo lake ndi limodzi: tiyambe ndi chapafupi komanso chotsika mtengo, ndipo tisagule chitsulo tisanayeze chakalecho.

Moto umachokera kuti?

Injini zoliza ndi chingwe sizidalira batire. Pamwamba pake pali fulayiwilo, gudumu lolemera lokhala ndi maginito. Tikakoka chingwe, maginitowo amadutsa pafupi ndi koyilo, magetsi n'kupangika. Mu injini monga Johnson ndi Evinrude zing'onozing'ono za m'ma 1960, tizitsulo totchedwa mapointi timatseguka pa nthawi yake, koyilo n'kutumiza magetsi amphamvu ku pulagi. Kondensa imateteza mapointiwo kuti asapse. Injini zobwera pambuyo pake, monga Yamaha Enduro zomwe zafala kunyanja kwathu, zili ndi kabokosi ka CDI m'malo mwa mapointi.

Choyamba, pulagi

Giya ikhale pa nyutulo, ndipo petulo akhale kutali. Timasule pulagi n'kuiyang'ana. Ikakhala ndi mwaye kapena yonyowa ndi oyilo, tiitsuke kapena tiike ina. Mpata wa kukamwa kwake pa Evinrude zakalezo ndi 0.76 mm, pamene pulagi ya NGK yothera ndi -10 imafuna 1.0 mm. Kenako tiilumikize ku waya wake, thupi lake likhudze chitsulo cha injini kutali ndi bowo la pulagi, tikoke chingwe tili pamthunzi. Moto wabwino umakhala wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Tisaigwire ndi dzanja poyesa.

Chachiwiri, swichi yozimitsira ndi mawaya

Swichiyi imazimitsa injini pothawitsira magetsi ku chitsulo cha injini. Ikalowa madzi kapena ikachita dzimbiri, imathawitsa magetsiwo nthawi zonse. Tichotse waya wake n'kuyesanso. Moto ukabwerera, vuto lapezeka, koma tisinthe swichiyo, tisayende popanda chozimitsira. Tionenso waya wopita ku pulagi ngati wang'ambika, ndipo tipale dzimbiri polumikizira ponse.

Chachitatu, kunsi kwa fulayiwilo

Apa m'pofunika chokokera fulayiwilo. Kuimenya ndi hamala kumawononga shafiti. Tikaichotsa, tipukute mapointi, ndipo akatseguka kotheratu mpata wake ukhale 0.5 mm. Akakhala okumbika ndi kupsa, tisinthe pamodzi ndi kondensa. Koyilo yokhala ndi ming'alu imataya magetsi, makamaka kukakhala chinyontho, choncho imafunika ina. Tisaiwale kakiyi kogwira fulayiwilo ku shafiti. Kakaduka, moto umakhalapo koma umafika pa nthawi yolakwika, ndipo injini imangotsokomola. Pobwezera, nati imangidwe molingana ndi buku la injiniyo.

Kabokosi ka CDI sikakonzeka chifukwa n'komata. Tisanakagule, tiyeze makoyilo ndi mita n'kuyerekeza ndi manambala a m'buku. Ngati mita tilibe, apa ndiye popitira kwa makaniko, ndipo tidzamuuza zomwe tayesa kale.

Tisanabwerere kunyanja

Injini tiiyesere m'diramu la madzi, chifukwa ikalira pouma kampira kopopa madzi oziziritsa kamapsa m'kanthawi kochepa. Ndipo m'boti musasowe pulagi yapadera, sipanala yake ndi nkhafi. Tikapita ku tchuthi, tikakhale pansi ndi atate kapena amalume athu pa injini yawo, tikatsate nawo ndondomekoyi mwera usanafike.